Funsani Amisiri: Loboti yomenyana yopangira pa tebulo la kukhitchini

Mwezi uno makalata ambiri akufunsa za maloboti omenyana. Ndasankhapo anayi. Yoyambayo ndiiyankha motalika chifukwa zambiri zomwe ena afunsa zili momwemo.

FUNSO: Amisiri, ine ndimakhala ku Leeds kuno ku England. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 wakhala akuonera maloboti omenyana pa YouTube mpaka watilembetsa mpikisano wa gulu lomwe akuti beetleweight. Kwatsala masabata 8. Iye akufuna loboti ya chitsulo chozungulira, chong'amba anzake. Tilibe galaja, tili ndi tebulo la kukhitchini, makina amodzi obowolera ndi ndalama zosapitirira £250. Ine ndine namwino, za magetsi sindidziwa kanthu. Tiyambire pati, kapena tingokafufutitsa dzina? — Mayi N., Leeds

YANKHO: Mayi, dzinalo lisiyeni momwemo. Masabata 8 akwana, tebulolo likwana, ndalamazo nazonso zikwana mukapanda kuzimwaza. Koma chitsulo chozunguliracho chiyambe chadikira. Ndikupatsani zifukwa zake zonse kuti mukakambirane naye bwinobwino, poti mwana amene wadzilembetsa yekha mpikisano ngwoyenera kumva zifukwa, osati kungomukaniza.

Zambiri zomwe amaonerazo ndi za BattleBots ku America, kumene loboti imodzi imalemera makilogalamu 113 ndipo kumbuyo kwake kumakhala gulu la amisiri ndi makina odula zitsulo. Masewerawa adayamba kutchuka mu 1994 ku San Francisco pamene Marc Thorpe adachititsa mpikisano woyamba wa Robot Wars. BBC idayamba kuwaonetsa mu 1998, n'chifukwa chake kuno ku Britain adazika mizu chotere. Koma ambiri ochita masewerawa lero sali pa kanema. Amakumana m'maholo ndi m'mayunivesite Loweruka, atanyamula timaloboti tawo m'mabokosi a zida. Gulu mwalembetsalo malire ake kuno ndi makilogalamu 1.5, pomwe ku America ndi 1.36. Pansi pake pali antweight ya magalamu 150, pamwamba pake pali featherweight ya makilogalamu 13.6.

Nkhondo imodzi imatenga mphindi zitatu. Loboti ikaima osasuntha, woyang'anira amawerenga mpaka 10, ikapanda kugwedezeka ndiye kuti yagonja. Zonse ziwiri zikamaliza zikuyenda, oweruza amaona kuti ndi iti yawononga inzake kwambiri, ndi iti yalimbikira kuukira, ndi iti yalamulira bwalo. Tsono mukakhala m'holo tsiku lonse n'kumayang'ana maloboti a anthu oyamba kumene, muona kuti ambiri sagonja chifukwa chong'ambidwa. Amaima okha. Waya wasololoka, tayala laguluka, batire lagubuduka m'kati n'kukoka pulagi, kapena loboti yagwa chagada matayala akungozungulira m'mwamba. Cholinga chanu pa mpikisano woyambawu chikhale loboti yomwe mphindi zitatu zikatha ikhale ikuyendabe, m'manja mwa mtsikana amene waizolowera. Si zochepa zimenezi. Gary Gin wa ku California adapambana kangapo ku mpikisano wa RoboGames ndi loboti yake Original Sin, ya matayala anayi ndi chitsulo chopendekeka kutsogolo basi. Inkagonjetsa maloboti a zida zoopsa chifukwa siinkafa msanga ndiponso mwini wake ankaiyendetsa mwaluso.

Musanagule kalikonse, sindikizani malamulo a mpikisanowo muwawerenge limodzi, cholembera chili m'manja. Ambiri kuno amatengera a bungwe la Fighting Robots Association koma okonza aliyense amawonjezera zawo. Muone ngati loboti ikuyenera kukhala ndi chida choyenda, ngati bwalo lili ndi dzenje logwetseramo mnzako, batire lololedwa ndi lotani, ndiponso zomwe akufuna kwa mwana wosakwana zaka 18. Ngati pali dzenje, sangalalani, chifukwa loboti yokankha bwino ili ndi njira yopambanira popanda kukanda aliyense. Ngati chida n'chokakamiza, pangani chonyamula: mkono wa pulasitiki wolimba woyendetsedwa ndi servo (kamota kokweza ndi kutsitsa mkono mpaka pomwe mwakalamula), wolowa pansi pa mnzake n'kumutukula kuti matayala ake asagunde pansi. Mkono womwewo umathandizanso loboti kudzuka ikagwa.

Maonekedwe ake akhale bokosi lathyathyathya, lalifupi, matayala awiri cha kumbuyo kapena anayi. Matayalawo atulukire pansi ndi pamwamba pomwe, kuti ikagudubuzidwa izingopitiriza ulendo. Matayala akakhala a mamilimita 60, thupi lisapitirire mamilimita 45 kutalika kwake kuchokera pansi. Zipangizo zikafika, ziyaleni pa katoni mmene zidzakhalire m'kati, zungulizani ndi pensulo, dulani, matani ndi selotepi. Loboti ya katoniyo ikuonetsani kuti pulagi ya batire ilibe polowera kapena kuti sikuludilaiva sifika pa sikuluu inayake, musanaononge pulasitiki ngakhale pang'ono.

Sikelo ya kukhitchini ikhale pa tebulopo kuyambira tsiku loyamba. Gulu la RioBotz la ku Rio de Janeiro, lomwe lidapanga Minotaur, lili ndi kagawidwe komwe ine ndimakakonda: 30 peresenti ya kulemera ipite ku zoyendetsa, 30 ku chida, 25 ku thupi ndi zotchinga, 15 ku batire ndi zamagetsi. Pa magalamu 1,500 ndiye kuti 450, 450, 375 ndi 225. Inu popeza mulibe chitsulo cholemera chozungulira, gawo lalikulu la 450 wa chidayo mulipereke ku makoma okhuthala. Apa m'pamene oyamba kumene amapeza mwayi wopirira nkhonya za akatswiri. Lembani kulemera kwa chilichonse m'kope, masikuluu ndi mawaya omwe, chifukwa tinthu timeneti tikaphatikizana timadya magalamu oposa 100 munthu osazindikira. Mulinge pa 1,450, poti sikelo yanu ndi ya okonza mpikisano sizidzagwirizana ndendende, ndipo yawoyo ndiyo idzamveke.

Thupi lipangeni ndi pulasitiki ya HDPE, yomwe ija amapangira mabolodi oyera odulirapo nyama. Ya mamilimita 8 kapena 10 ndi yabwino pa makoma. Imadulika ndi sowo wamba wa matabwa, imabowoka mosavuta, ndipo masikuluu a matabwa amagwira bwino mukayamba mwabowola kabowo kakang'ono. Ubwino wake waukulu ngwakuti ikamenyedwa imapindika n'kubwerera, chida cha mnzake chimangotenga kachidutswa n'kudutsa. Perspex, pulasitiki yoonekera ngati galasi ija, musaigule ngakhale ikuwala mokongola, imasweka balala pa nkhonya yoyamba. Ngati akufuna chivundikiro choonekera m'kati, gulani polycarbonate, pulasitiki yoonekera yomwe sisweka msanga. Aluminiyamu wopyapyala nayenso amanyenga: akapindika amakhala chopindikacho, ndipo kawirikawiri amapindikira pa tayala n'kuligwira gwa.

Chitsulo chopendekeka cha kutsogolo, chomwe anzathu amati wedge, ndicho chidzagamule nkhondo zambiri, chifukwa wolowa pansi pa mnzake ndiye amakankha. Chiyeseni motere. Ikani loboti pa malo osalala, tengani pepala la m'kope mulikankhire ku mlomo wa chitsulocho. Likalowa pansi, mnzanu nayenso adzalowa. Palani ndi fayilo mpaka pepala lizikwera pamwamba kumbali zonse ziwiri ndi pakati. Chikakhala cha mahinji, chogwa chokha ndi kulemera kwake, chimatsata pansi bwino kuposa chomangidwa nganganga.

Pa mamota, gulani okhala kale ndi magiya, omwe ogulitsa zipangizo za beetleweight amasunga, a mamilimita 22 kapena 25 m'mimba mwake. Liwiro lake werengani nokha. Tayala la mamilimita 60 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi masentimita 19. Mota ya 900 rpm, kutanthauza ka 900 pa mphindi, imazungulira ka 15 pa sekondi, ndiye kuti mamita 2.8 pa sekondi, pomwe mabwalo ambiri a gululi ndi a mamita awiri ndi theka kapena kuchepera. Loboti idzakhala itagunda khoma la tsidya mtsikanayo asanaphethire. Ya 600 rpm ipereka mamita 1.9 pa sekondi, yomwe ndi yokwana. Mukapeza othamanga okhaokha, chepetsani liwiro pa rimoti, adzaziwonjezera yekha akazolowera. Malo ofooka a mamota amenewa ndi shafiti ndi magiya ake, tsono matayala akhale ofewa, a thovu kapena labala, ndipo muwatchinge ndi lamba wa HDPE wopindidwa mozungulira mbali. Kasikuluu komangira tayala kakhale pa mbali yathyathyathya ya shafiti, mudontheze Loctite wabuluu, guluu woletsa sikuluu kumasuka. Loctite ameneyu asakhudze polycarbonate, amaing'alula.

Zamagetsi musaziope, mzere wake ngwaufupi. Moto umachoka ku batire, kudutsa pa link, kufika ku ESC, kenako ku mamota. Link ndi kapulagi komwe mukakasolola loboti yonse imazima, ndipo malamulo ambiri kuno amafuna kameneka pamodzi ndi kanyale kosonyeza kuti loboti yayaka. ESC ndi kabolodi kolamula liwiro la mota, ndipo kamamvera risiva, yomwe imalandira mawu kuchokera ku rimoti. Gulani ESC imodzi yoyendetsa mamota awiri, muchepetse mawaya. Rimoti ya 2.4GHz ngati FlySky FS-i6 ndi yokwana, ndipo iyo ndi tchaja ndizo zidzalowe m'thumba kwambiri, koma zidzatumikira maloboti onse omwe adzapange mtsogolo. Polumikiza mawaya muwotcherere ndi solder (mtovu wosungunula wolumikizira mawaya), osangopota, muvekepo heat shrink (kachubu kofinya kakatenthedwa), mapulagi akhale a XT30. Mukatha mfundo iliyonse ikokeni ndi zala mwamphamvu. Ikaduka pa tebulo, yakuchitirani chifundo. Timabolodi musatimange ndi masikuluu ku thupi, tikulungeni m'thovu kuti kugwedezeka kusatifike. Kuwotcherera kumeneku mumusiyire mwanayo, ayambe waphunzirira pa tizidutswa ta waya madzulo amodzi, inu muli pambali ndipo zenera lili lotsekula.

Batire la LiPo, mtundu wa batire la lithium lomwe maloboti amenewa amayendera, ndilo chinthu choopsa kwambiri chomwe chidzalowe m'nyumba mwanu, ndipo apa ndikupempha kuti mukhale ouma mtima. Selo iliyonse ndi ya 3.7V, ikadzaza imafika 4.2V, ndipo siyenera kutsika pansi pa 3V. La maselo atatu, lolembedwa 3S, ndi lokwana. Kukula kwake: loboti ikamakoka ma amp 6 kwa mphindi zitatu yadya 300mAh (mAh ndi muyeso wa moto womwe batire limasunga), tsono la 450 kapena 550mAh lili ndi zotsala zokwanira. Gulani awiri. Tchajani ndi tchaja ya balance yokha, yomwe imalinganiza moto m'maselo onse, batire lili m'chikwama chake chosapsa, pa simenti kapena pa matailosi, munthu wamkulu ali pomwepo. Osatchaja usiku anthu akugona. Mukamalisunga masiku angapo likhale pa 3.8V selo iliyonse, tchaja ili ndi batani lake la zimenezi. M'loboti likhale ndi kachipinda kake ka thovu mbali zonse, kopanda nsonga ya sikuluu yoloza komweko. LiPo yobooka imatulutsa utsi woyera wambiri kenako moto wovuta kuzimitsa, ndiye chidebe cha mchenga chikhale pafupi.

Woyendera chitetezo pa tsikulo adzayesa chinthu chotchedwa failsafe, kutanthauza kuti loboti iime yokha ikasiya kumva rimoti, ndipo ambiri amabwezedwa pomwepa. Yesani kunyumba. Khazikani loboti pa kabokosi kuti matayala alendewere, yatsani rimoti, kenako loboti, kankhani ndodo matayala azungulire, ndiye zimitsani rimoti ali m'kati mozungulira. Chilichonse chiyenera kuima zii nthawi yomweyo. Chikapitiriza, konzani pa menyu ya rimoti mpaka chitheke. Mwanayo azolowerenso dongosolo ili: poyatsa rimoti ndiyo iyambe, pozimitsa loboti ndiyo iyambe.

Masabata anuwo agaweni pakati. Loboti ikhale ikuyenda pofika kumapeto kwa sabata lachinayi, ngakhale ikhale yosaoneka bwino. Odani zipangizo sabata lino kwa ogulitsa a konkuno, za kutali zikhoza kufika mpikisano utadutsa. Masabata anayi otsalawo ndi oyendetsa ndi oononga. Ndikutanthauzadi kuononga: igwetseni pansi kuchokera m'chiuno, iombetseni ku khoma pa liwiro lonse, kenako tsekulani muone chomwe chasuntha. Chomwe chasunthacho ndicho chikadakugonjetsani. Poyendetsa, aike mabotolo awiri azizungulira mwa nambala 8, aphunzire kuyendetsa loboti ikubwera kwa iye pamene kumanja kumasanduka kumanzere, ayendetse itagona chagada, akankhe bokosi la makilogalamu 1.5 mpaka pakona yomwe mwamuuza. Gulani kagalimoto ka rimoti kotchipa, inu muzithawa iye azikuthamangitsani. Mphindi 15 tsiku lililonse zidzamupatsa zomwe ndalama sizingagule, ndipo ndimaona ana otere akugonjetsa akuluakulu omwe adamaliza kumanga m'bandakucha wa tsiku la mpikisano.

Tsopano za chitsulo chozungulira, mumuonetse manambala awa. Chitsulo cha magalamu 300, chotalika masentimita 15, chikamazungulira pa 8,000 rpm, nsonga yake imathamanga makilomita oposa 220 pa ola ndipo chimasunga mphamvu pafupifupi ma joule 200. N'chimodzimodzi ndowa ya madzi malita 10 kugwa kuchokera mamita awiri, koma mphamvu yonseyo itaunjikana pa kadzino kamodzi. Liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi. Chala sichingapulumuke, diso ndiye osanena. Ndiponso nkhonya iliyonse yomwe loboti yaponya imabwereranso kwa iyo mwini, tsono mabawuti, mabeyaring'i ndi mawaya onse ayenera kupirira chida chawo chomwe. Walira mvula walira matope: wofuna chida chotere afunikanso bokosi lotsekeka la polycarbonate loyeseramo, chokhomera chida kuti chisazungulire ponyamula, ESC yachiwiri, ndi masabata omwe inu mulibe. Chida chotere sachiyatsa pa tebulo, pakhonde kapena pabwalo la nyumba, ngakhale kwa sekondi imodzi. Mumuuze kuti pa tsikulo akayendere matebulo a omwe ali ndi zida zimenezi, afunse, ajambule. Anthu a masewerawa sabisa nzeru, amabwerekana ngakhale mamota ndi munthu yemwe amenyana naye posachedwa. Loboti yake yachiwiri idzakhala ndi chitsulo chomwe akufunacho, ndipo idzakhala yabwino chifukwa cha yoyambayi.

M'chikwama cha pa tsikulo muike mamota awiri apadera owotcherera kale mapulagi, matayala apadera, ma link awiri kapena atatu poti amatayika, ma cable tie, selotepi yolimba ndi magalasi oteteza maso. Pakati pa nkhondo ziwiri nthawi zina mumapatsidwa mphindi 20 zokha, ndiye masikuluu onse a chivundikiro akhale a mtundu umodzi kuti sikuludilaiva imodzi itsekule zonse.

FUNSO: Ndife ophunzira pa sukulu ina ya ntchito zamanja ku Blantyre. Kalabu yathu ikufuna kuchititsa kampikisano kathukathu potsekera teremu. Zipangizo zomwe timaona pa intaneti kuno kulibe, ndipo kuitanitsa kunja n'kodula. Kodi tingagwiritse ntchito mamota a makina obowolera akutha? Nanga bwalo tipange bwanji? — Mlembi wa kalabu, Blantyre

YANKHO: Achimwene, mwaganiza bwino. Maloboti ambiri a featherweight kuno ku Britain adayendera mamota a makina obowolera a batire kwa zaka zambiri. M'kati mwa makina amenewa muli mota yamphamvu ndi magiya ake kale, ndipo ambiri amatayidwa chifukwa cha batire lokha. Funani awiri ofanana. Pochotsa mutu wogwira kachitsulo kobowolera (bit), tsekulani mano ake muone sikuluu ili m'katimo. Imeneyo imamasuka mobwerera, muipotoze ngati mukumanga. Ikachoka, mutuwo umamasuka mwa masiku onse. Kenako khomani klatchi, apo ayi izingolira kete kete loboti ikamakankha: chotsani timipira tachitsulo tiwiri m'mabowo ake muikemo timasikuluu topanda mutu togwira mphete ya m'kati. Matayala a trolley a mamilimita 100 kapena 125 ndi abwino, muwavekere chidutswa cha tayala la njinga ndi masikuluu afupiafupi kuti azigwira pansi. Pa thupi, migolo yabuluu ya pulasitiki ija ndi HDPE. Dulani, tenthetsani pang'onopang'ono, panikizani pakati pa matabwa mpaka iwongoke.

Pomwe mungapse napo ndi pa kabolodi koyendetsa mota. Ambiri ogwiritsa ntchito Arduino, kabolodi kolembamo pulogalamu yolamula loboti, amathamangira L298N, koma iko kamapirira ma amp awiri okha, pomwe mota ya makina obowolera ikakanikizidwa imakoka makumi angapo. Katulutsa utsi pa kukankhana koyamba. Funani BTS7960, imodzi pa mota iliyonse, ndipo muike fyuzi ya galimoto pafupi ndi batire. Batire likhale lotsekedwa, la 12V 7Ah longa la mu UPS. Limalemera makilogalamu oposa awiri koma pa malire a 13.6 likwana. La asidi wamadzi ayi, loboti ikagudubuzika asidi amatayika. Maselo ochotsa m'mabatire a laputopu akutha nawonso ayi, sadapangidwire kukoka moto wochuluka chotere ndipo amatentha. Pa rimoti, sonkhanani mugule awiri a 2.4GHz ndi marisiva angapo, poti m'bwalo mumalowa maloboti awiri pa nthawi. Mukasankha Bluetooth ya pafoni, mulembe mu pulogalamu kuti uthenga ukasiya kufika kwa theka la sekondi mamota aime. Ngati mukudziwa wina amene adaphunzira ku African Drone and Data Academy, yomwe idatsekulidwa ku Lilongwe mu 2020, muitaneni, za marimoti ndi ma ESC ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Za bwalo ndilankhula mosapsatira. Popanda bokosi lotsekeka la polycarbonate mbali zonse ndi pamwamba, letsani zida zozungulira, nyundo, zoponya ndi moto. Waya wa nkhuku kapena magalasi a mawindo sangaimitse chidutswa cha chitsulo. Mpikisano wanu ukhale wokankhana ndi kunyamulana: jambulani bwalo pa simenti, zungulizani matabwa ochindikala, siyani mipata iwiri yotulutsira mnzako, oonerera akhale patali kuseri kwa mabenchi. Loboti ya makilogalamu 13 ikathawa ikhoza kuthyola mwendo wa mwana, tsono aliyense ayesedwe failsafe pamaso pa mphunzitsi asanalowe. Mudzaona kuti holo idzasokosera ndithu ngakhale popanda zong'ambana.

FUNSO: Loboti yanga imayenda bwino pansi, koma ikangogundidwa imazima masekondi awiri kapena atatu kenako n'kudzuka. Yapyolanso malire ndi magalamu 70. Mpikisano uli sabata la mawa. — Mnyamata wa ku Johannesburg

YANKHO: Mphwanga, iombetse ku khoma uku ukuyang'ana kanyale. Kakaphethira, vuto lili pa njira ya moto: swichi yomwe ikudumpha m'kati, link yokhwepa, kapena mfundo yomwe solder sadagwire. Maswichi wamba a m'sitolo ali ndi sipuling'i, ndipo nkhonya imawatsekula kwa kanthawi. Ika link ya XT30 m'malo mwake. Kanyale kakapanda kuphethira koma ESC n'kulira ngati yangoyatsidwa kumene, ndiye kuti risiva ndiyo ikusowa moto. Izi zimachitika kwambiri servo ikamadya pa 5V yomweyo yomwe ikudyetsa risiva. Ipatse servo BEC yakeyake, kabolodi kotsitsa moto wa batire kuti ufike pa mlingo womwe servo imafuna. Timapulagi takuda ta pa risiva timasololoka mosavuta, tidontheze guluu wotentha. Uonenso mlongoti wa risiva: masentimita atatu a kunsonga kwake ndiwo amamva, asadulidwe, asagunde chitsulo, ndipo asatsekeredwe m'bokosi la aluminiyamu mbali zonse.

Za kulemera, usataye nthawi kubowola pulasitiki. Bowo la mamilimita 10 pa HDPE ya mamilimita 10 limachotsa magalamu osakwana limodzi, ungafunike mabowo pafupifupi 100 ndipo thupi lidzafooka. Chitsulo n'cholemera kasanu ndi katatu kuposa pulasitikiyo, ndiye yang'ana kumeneko. Dula mabawuti otalika mopyola nati, chotsa mawashala osafunika, fupikitsa mawaya, ndipo yeza batire ukatha kuyendetsa mphindi zitatu. Likatsala ndi moto woposa theka, gula laling'ono.

FUNSO: Tikuchokera ku Dublin pa ndege kupita ku mpikisano ku England. Mabatire tinyamule bwanji? Limodzi latupa pang'ono koma likugwirabe ntchito. — Bambo K., Dublin

YANKHO: Bambo, mabatire a lithium apadera amayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wolowa pansi pa ndege. Malire omwe makampani a ndege amatsata ndi 100Wh pa batire limodzi, ndipo la 3S 550mAh lili ndi 6Wh yokha, ndiye simudzavutika. Litulutseni m'loboti, litsitseni pa 3.8V selo iliyonse, matani selotepi pa mapulagi, liikeni m'chikwama chake chosapsa. Loboti, zida zake ndi masikuludilaiva zipite m'katundu wa pansi. Werenganinso tsamba la kampani ya ndege yanu musananyamuke, poti ena amaika malire pa chiwerengero cha mabatire.

Lotupalo lisakwere ndege ndipo lisalowenso m'loboti. Kutupako ndi mpweya wochokera m'maselo omwe ayamba kuonongeka, ndipo woyendera chitetezo adzalikana mulimonse. Musaliboole kapena kulipanikiza. Lilumikizeni ku kababu ka galimoto ka 12V, panja, m'chidebe cha mchenga, mpaka moto utheretu, kenako mukalisiye komwe amalandira mabatire akutha.